Todorov akukana kulowa mu vidiyo yathu ya nyimbo, nditani?

kamera_yobwereka:
Anzanga ndithandizeni mutu waima. Tinajambula vidiyo ya nyimbo ngati ntchito ya kalasi, tinali anayi pagulu, pano aliyense akuyenera kulemba yekha mmene narrative theory, maganizo a akatswiri pa kayalidwe ka nkhani, ikugwirira ntchito mu vidiyoyo. Nkhani yake, mtsikana wakhala pawindo kudikira foni, timabwerera m'mbuyo kuonetsa nthawi yomwe ankakondana ndi mnyamata wina, kenako anayambana, ndiye kolasi ikafika timangoonetsa woimba ali patsogolo pa khoma loyera. Kumapeto foni ikulira koma sitionetsa ngati wayankha, chithunzi chimangoda basi. Ndayesa maganizo a katswiri wina dzina lake Todorov, zija zoti zinthu zimayamba zili bwino, kenako chisokonezo, kuchizindikira, kuyesa kukonza, mpaka bata latsopano, koma zikukanika poti yathuyi ikuyamba zinthu zitaonongeka kale komanso sikutha ndi bata lililonse. Ndingonama kuti kulira kwa foni kuja ndiye bata latsopano? kkkk

mayi_editi:
Usaname iwe, aphunzitsi akaonera vidiyo aona okha. Bata loyamba lilipo mu vidiyo yanuyo, kungoti mwalibisa pakati. Tenga pepala ulembe zochitika zonse motsatana mmene zinachitikira pa moyo wa mtsikanayo, kukondana, kuyambana, kudikira, foni kulira. Waona? Todorov wabwera yekha. Akatswiri a ku Russia aja amati formalists ankasiyanitsa ziwirizi, fabula ndi nkhani mmene inachitikira, syuzhet ndi dongosolo lomwe wofotokoza wasankha potiuza. Ndiye iwe ulembe kuti fabula yanu ikutsata Todorov mpaka pa kudikira, koma syuzhet ikuyambira pakati n'kudula mathero, kenako ufotokoze chifukwa chake munatero. Apo mpomwe pali mamalikisi. Komanso kumbukira kuti Todorov ankaphunzira nkhani zolembedwa, cha m'ma 1969 umo, sankaganizako za nyimbo ya mphindi zitatu.

wosagona_usiku:
Ine ndikanayamba ndi Barthes, achemwali. Mu 1970 anatchula ma code asanu, njira zomwe nkhani imaperekera tanthauzo, ndipo imodzi ndi ya funso lomwe limamugwira woonera kuti asachoke, ena amati enigma code. Foni ija ndi imeneyo ndendende, mnyamata uja aimba foni kapena saimba, ndipo ikalira funso limangosintha, ayankha? wayimba ndi yemweyo? Simunayankhe, zili bwino.
Propp yekha musiyeni. Iye anasanthula nthano 100 za ku Russia mu 1928 n'kupeza magawo 31 ndi mitundu 7 ya anthu, ngwazi, woipa, wothandiza ndi ena otero. Inu muli ndi anthu awiri ndi foni. Mnzanga wina analemba kuti windo ndi wothandiza ngwazi, mpaka lero timamuseka.

mr_tempo:
Zonsezi ndi zoona koma mukuiwala kuti iyi si filimu yaifupi, ndi vidiyo ya nyimbo, bwana wake ndi nyimboyo osati nkhani. Andrew Goodwin mu 1992 ananena zimenezi, kuti nyimbo imabwerezabwereza ndiye vidiyo nayo imazungulira mmalo moyenda mzere umodzi ngati filimu. Kolasi ikabwera katatu nanunso mumabwerera kukhoma loyera katatu, nkhani imaima kaye, woimba n'kuyang'ana mu kamera ngati akutiuza ife, chinthu chomwe mu filimu wamba sachita kawirikawiri. Ndiye funso ndi loti woimbayo ndi ndani mu nkhaniyi, wofotokoza chabe kapena ndi maganizo a mtsikana uja? Goodwin yemweyo anagawa patatu ubale wa mawu ndi zithunzi, kuonetsa zomwe mawu akunena, kuonjezera tanthauzo lomwe mawu sananene, kapena kusiyana nawo kotheratu. Mawu a nyimbo yanu akuti chani?

kamera_yobwereka:
Akungodandaula za munthu amene anachoka, za foni mulibemo, tinaganiza tokha. Ndiye ndi kuonjezera tanthauzo eti. China, zithunzi za kale zija zinatuluka zowala zachikasu pomwe za pawindo ndi zotuwa, mnzanga akuti ndilembe za binary opposition ya Lévi-Strauss, zija za zinthu ziwiri zotsutsana, kale ndi lero, kukhala awiri ndi kukhala wekha. Koma chilungamo chake zinangochitika, tsiku lojambula pawindo kunali mitambo ndipo nyali yathu inatha batire kkkk

mayi_editi:
Koma pa editi munaziona n'kuzisiya choncho, simunakonze mtundu, ndiye chinasanduka chisankho chanu. Lemba zoona, kuti zinayamba mwangozi ndipo munazisunga chifukwa zikusiyanitsa nthawi ziwirizo popanda kulemba mawu pa sikirini. Ndipo chonde paliponse ukatchula dzina la katswiri uikepo nthawi yake mu vidiyo, monga pa 1:20 pomwe kuwala kukusintha, osamangoti "mu vidiyo yathu muli binary opposition" n'kudumphira ndime ina. Foni ikulira pa sekondi iti?

kamera_yobwereka:
3:31, kolasi yomaliza itangotha. Dikirani ndionerenso, ndikukaika ngati woimba uja akuonekanso pambuyo pake.