Kodi Georges Méliès ankaimikiranji kamera malo amodzi?

Ndikupempha thandizo kwa inu odziwa mbiri ya mafilimu akale opanda mawu. Georges Méliès, yemwe ankaonetsa matsenga ku Théâtre Robert-Houdin mumzinda wa Paris, anamanga nyumba yamagalasi yojambuliramo ku Montreuil mu 1897 kuti azidalira kuwala kwa dzuwa. Chondizunguza mutu n'chakuti mufilimu yake ya mu 1902 ya ulendo wa kumwezi kamera sisuntha, moti pofuna kuti mwezi uoneke ukuyandikira, anasendeza munthu yemwe ankasewera ngati nkhope ya mwezi kupita ku kamera. Kodi anachita dala kuti woonera azimva ngati ali m'holo ya zisudzo, kapena zipangizo za nthawiyo ndizo zinamukakamiza? Ine ndikuganiza kuti anachita dala, popeza luso lake loimitsa kaye kujambula, kusintha zinthu, kenako n'kupitiriza kujambulako linkafuna chithunzi chosagwedezeka, koma ndingakonde kumva maganizo anu.