Mwana wanga amakana chilichonse chimene ndamuuza, ndipo akuti ndi PDA: ndimulere bwanji?

Mayi wa ana atatu, Leicester

Moni kwa nonse. Ndalemba kuno podziwa kuti pali makolo anzanga ochokera kwathu amene akulera ana kuno ku England, ndipo mwina wina anadutsamo kale m'zimene ine ndikudutsamo. Mwana wanga wachiwiri ndi wamkazi, ali ndi zaka 11. Chaka chatha madokotala anatiuza kuti ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene munthu amalankhulira ndi kucheza ndi ena, ndipo m'kalata yawo anawonjezera kuti amapewa mopitirira muyezo zimene wauzidwa kuchita, vuto limene ena amalitcha pathological demand avoidance, kapena PDA mwachidule. Kalatayo ndinaiwerenga katatu, koma sinandiuze choti ndichite m'mawa sukulu ikamayandikira.

M'mawa uliwonse ndimamuyalira yunifolomu pabedi n'kumuuza kuti avale. Poyamba amandiyankha mwaulemu kuti avala posachedwa, kenako amayamba kundifotokozera nkhani yaitali ya amphaka, ndipo ndikamukumbutsa amanena kuti miyendo yake yafa, singathe kuyenda. Ndikabwerezanso kachitatu amagwada n'kuyamba kulira ngati mphaka, akumati amphaka savala yunifolomu. Ndikakweza mawu, amakuwa, amaponya nsapato, kenako amakalowa pansi pa bedi thupi lonse likunjenjemera, ndipo amatha kukhala pamenepo ola lathunthu. Chimene chimandisokoneza kwambiri n'chakuti amakana ngakhale zinthu zimene amazikonda. Mlungu wonse anandichonderera kuti tipite kokasambira, koma Loweruka nditangonena kuti nthawi yakwana, tiye, anakhala pansi pakhomo n'kukana kwamtuwagalu, misozi ili mbwembwembwe. Nsima ya nkhuku amaikonda kwambiri, koma ndikamuitana kuti adzadye sabwera mpaka itazizira.

Kusukulu amati ndi mwana wofatsa, waulemu, wosavuta, choncho aphunzitsi akuoneka kuti akuganiza kuti vuto lili kunyumba. Ndayesa kumata nyenyezi papepala akachita bwino, ndayesa kumulanda tabuleti, koma zonsezi zangowonjezera moto. Bambo ake akuti ndamulekerera. Apongozi anga akamaimba foni amati timutumize kumudzi miyezi itatu, abwerako atawongoka. Kutchalitchi sapereka moni kwa akuluakulu, ndipo ndimaona mmene amayi anzanga amandiyang'anira. Tsopano tangolandira kalata yochokera kusukulu yotichenjeza za masiku amene wajomba. Funso langa ndi ili: kodi mwana wotere amaleredwa bwanji popanda kumuwononga, ndiponso popanda kumuswa mtima tsiku lililonse?

Mayi wa mnyamata wa zaka 15, Nottingham

Achemwali, pepani kwambiri, ndipo dziwani kuti simunamulekerere mwanayo. Zonse mwalembazi ndinaziona m'nyumba mwanga, kupatula kuti wanga ankasanduka dalaivala wa basi osati mphaka.

Dzina la PDA linachokera mumzinda muno momwe. Elizabeth Newson, katswiri wa kaganizidwe ka ana wa ku University of Nottingham, anayamba kuligwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1980 ataona gulu la ana amene ankafanana ndi ana a autism koma ankasiyana nawo pa zinthu zina. Anawo ankadziwa kuzemba mwaluso: kusintha nkhani, kupereka zifukwa, kunamizira kuti thupi lakana, kapena kusanduka munthu wina kapena nyama. Iye ndi anzake anasindikiza zimene anapeza mu 2003. Mfundo imene inandithandiza ine ndi yakuti muzu wa khalidweli ndi mantha, osati mwano. Mwanayo akamva kuti pali chinthu chimene ayenera kuchita, thupi lake limachita ngati lakumana ndi ngozi, ndipo sathanso kuchichita ngakhale akuchifuna. N'chifukwa chake wanu anakana kusambira: pamene chinali chilakolako chake chinali chabwino, koma chitasanduka lamulo la nthawi, chinakhala chiwopsezo. Kunjenjemera pansi pa bedi kuja si kwa mwana amene akusangalala kuti wagonjetsa mayi ake.

Chimene ndinasintha poyamba ndi kalankhulidwe kanga, ndipo mwina mudabwa kuti njirayo sindinaiphunzire kwa azungu okha. Agogo anga aakazi sankakonda kutuma munthu molunjika. Ankangokhala pakhonde n'kunena kuti, "Mumtsukomo madzi atha," kapena, "Dzuwa lapendeka koma mbuzi zidakali kudambo," ndipo ife tinkanyamuka tokha ngati kuti tadziganizira. Ndi mmenenso timalankhulira ndi apongozi, sitiwalamula, timangotchula mmene zinthu zilili. Mwana wa PDA amafunika kalankhulidwe kotereka. M'malo monena kuti "vala," ndimanena kuti kunja kwazizira lero ndipo juzi ili pampando, kenako ndimachokapo. Kuchokapoko n'kofunika kwambiri, chifukwa kuimirira pakhomo ukumuyang'ana nakonso ndi lamulo ngakhale usanene kanthu. Chakudya ndimangochiika patebulo n'kunena ndikudutsa kuti chapsa. Nthawi zina ndimalankhula ngati ndikudzifunsa ndekha kuti kaya tingakwanitse bwanji kufika pa basi nthawi isanathe, ndipo iye amabwera ndi yankho, popeza tsopano nzeruyo ndi yake.

Chachiwiri, ndinakhala pansi n'kulemba zonse zimene ndinkamuuza kuyambira podzuka mpaka potuluka pakhomo. Pepala linadzaza. Ndinasiya zitatu zokha zimene sindingazisinthe, zokhudza chitetezo chake ndi cha ena, ndipo zotsalazo ndinazimasula. Akavala masokosi osiyana, palibe amene wafa. Akatsuka mano masana osati m'mawa, manowo atsukidwabe.

Za nyenyezi zija, zisiyeni. Mphotho imamuuza mwana kuti mawa ayenera kuchitanso chimodzimodzi, choncho imasanduka katundu wina pamutu pake. Ngakhale kumuyamikira mokweza kumamuvuta wanga. Ndikamuuza kuti wachita bwino kwambiri, amatha kung'amba chimene wajambulacho. Ndinaphunzira kungonena kuti chithunzichi chandisangalatsa mtundu wake, basi. Bungwe la PDA Society lili ndi malangizo ambiri a mtundu umenewu pa intaneti, ndipo amawafupikitsa ndi chithunzi cha nyama yotchedwa panda kuti asavute kukumbukira. Sindikunamizeni kuti zinthu zinatheratu. Mnyamata wanga ali m'chaka chokonzekera mayeso a GCSE ndipo pali masiku amene satuluka m'chipinda. Koma tsopano amatha kundiuza kuti lero mutu wake wadzaza, pamene kale akanaswa chitseko.

Bambo wachikulire, Manchester

Amayi, ndawerenga zonse ndipo ndikumva chisoni, koma ndiloleni ndinene nkhawa yanga monga munthu amene walera ana anayi kuno. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene sanazolowere kumva mawu akuti "chita ichi" adzakhala bwanji akadzayamba ntchito, kapena akadzaimitsidwa ndi wapolisi pamsewu? Dziko silidzamulankhula mozungulira, ndipo tonse tikudziwa kuti mwana wakhungu lakuda akakana lamulo kuno saweruzidwa mofanana ndi anzake. Komanso ndinamva kuti PDA imeneyi mulibe m'mabuku akuluakulu amene madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira matenda. Ngati ndi choncho, kodi sitikupatsa dzina la chipatala chinthu chimene makolo athu ankachithetsa ndi mwambo? Sindikunena kuti mwanayo amenyedwe, zimenezo ayi. Ndikungoopa kuti tikachotsa malamulo onse, tidzamusiya wopanda chomuteteza ifeyo tikadzapita.

Mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, Leeds

Bambo a ku Manchester, zimene mwamvazo n'zoona. PDA mulibe mu DSM-5 ngakhalenso mu ICD-11, omwe ndi mabuku akuluakulu a madokotala aja, ndipo akatswiri sanagwirizane ngati ndi vuto loima palokha kapena ndi mmene autism imaonekera ikasakanikirana ndi nkhawa yaikulu. N'chifukwa chake madokotala a madera ena amalemba dzinali m'makalata awo pamene ena amakana. Koma mkangano wawo uli pa dzina. Palibe amene amatsutsa kuti ana otere alipo, ndipo mwana wa mayiwa anapezeka kale ndi autism. Nkhawa yanu ya m'tsogolo ndi yanganso, kungoti zimene ndaona m'kalasi n'zakuti mwana amene ali pa mantha saphunzira kupirira, amangophunzira kubisa kapena kuphulika. Kuchepetsa malamulo si kuwachotsa mpaka kalekale. Timatsitsa katundu kuti mwanayo apume, ndipo akakhazikika timawonjezera pang'onopang'ono mogwirizana naye, mpaka adziwe yekha zimene zimamuopsa ndi mmene angazinenere ndi pakamwa. Luso limenelo ndi limene lidzamuteteze pamaso pa bwana kapena wapolisi.

Amayi a ku Leicester, za kusukulu musazichedwetse. Kufatsa kwa mwana wanu m'kalasi si umboni woti ali bwino. Ana ambiri a autism, makamaka atsikana, amadzigwira tsiku lonse n'kukatulutsira zonse kunyumba kumene akumva kuti ndi otetezeka. Yambani kulemba m'kabuku tsiku ndi tsiku zimene zachitika m'mawa, nthawi yake, ndi zimene zinayambitsa, ndipo mukatengere kabukuko kwa SENCO wa pasukulupo, mphunzitsi woyang'anira za ana ofunika thandizo lapadera. Mupitenso kwa GP, dokotala wa banja lanu, kuti nkhawa ya mwanayo ilembedwe, chifukwa kujomba kobwera ndi matenda, kuphatikizapo a m'maganizo, sikuyenera kuwerengedwa ngati kujomba kopanda chifukwa. Izi n'zofunika popeza kuyambira mu Ogasiti 2024 chindapusa cha kujomba kosaloledwa ku England ndi mapaundi 80 kwa kholo lililonse, ndipo chimafika 160 mukapanda kulipira m'masiku 21.

Lamulo la Equality Act la 2010 limafuna kuti sukulu isinthe zina ndi zina pofuna kuthandiza mwana wolumala, monga kumulola kulowa pakhomo lopanda phokoso, kufewetsa za yunifolomu kapena kuchepetsa ntchito yochitira kunyumba. Muthanso kulembera khonsolo nokha, osadikira sukulu, kupempha kuti amuunike ngati akufunika EHCP, chikalata chofotokoza thandizo la maphunziro, umoyo ndi chisamaliro limene mwana ayenera kulandira. Khonsolo iyenera kukuyankhani m'masabata 6 ngati ivomera kuunika kapena ayi, ndipo ntchito yonse iyenera kutha m'masabata 20, ngakhale kuti kawirikawiri imachedwa. Akakana, muli ndi ufulu wochita apilo, ndipo alangizi a za ana ofunika thandizo lapadera otchedwa SENDIASS a m'dera lanu amathandiza makolo kwaulere. Popeza ali ndi zaka 11, nkhani ya kusekondale ili pafupi, ndipo kumeneko aphunzitsi ndi ambiri, aliyense ndi malamulo ake, choncho ino ndiyo nthawi yokonzekera.

Za kumutumiza kumudzi, ndikupemphani kuti musatero ngati cholinga chake ndi chilango. Mwina angabwereko ali chete, koma kukhala chete kumeneko n'kumene mukukuona kale kusukulu. Kupita limodzi patchuthi kuti agogo ake akamudziwe bwino ndi nkhani ina, ndipo ingathandize.

Mayi wa ana atatu, Leicester

Zikomo nonse, kuphatikizapo inu bambo a ku Manchester, chifukwa mwanena zimene mwamuna wanga amanena, ndipo ndamuwerengera mayankho onse usiku wathawu. Sanavomereze zonse, koma anakhala chete nthawi yaitali pa nkhani ya agogo ndi mtsuko wa madzi, kenako anati amayi akenso ankalankhula chimodzimodzi.

Lero m'mawa ndinayesa. Ndinaika yunifolomu pampando osati pabedi, ndinanena ndili m'khonde kuti phala lapsa ndipo kunja kukugwa mvula, kenako ndinapita kukhitchini n'kudziletsa kuti ndisabwerere. Kudziletsako kunali kovuta kuposa mmene ndinkaganizira, manja anga ankachita kuyabwa. Patapita mphindi pafupifupi makumi awiri anatsika atavala siketi ndi malaya, koma kumapazi kuli masilipasi, ndipo anandiuza kuti mphaka wasankha kupita kusukulu lero. Nsapato ndinangoziika m'chikwama osanena kanthu, ndipo anakazivalira m'galimoto. Tinafika mochedwa ndi mphindi khumi, koma palibe amene analira.

SENCO wandipatsa tsiku lokumana naye Lachinayi likudzali, ndipo kabuku ndayamba kale kulemba. Chimene chatsala ndi nkhani ya moni kutchalitchi, chifukwa bambo ake akuti pamenepo pokha sangagonje. Achemwali a ku Nottingham, kodi inu munachita bwanji ndi mnyamata wanu akuluakulu akamutambasulira dzanja iye n'kuyang'ana kumbali?