Mchimwene wanga akufuna kusiya sukulu chifukwa cha T1, ndimugulire kompyuta?

Amake Tadala:
Abale anga a pa gulu lino, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndimasunga mchimwene wanga wamng'ono kuno ku Area 25 chimwalirireni mayi athu. Fizi ndimalipira ndine ndi ndalama za kaunjika. Amalume omwe analonjeza pamaliro paja kuti azithandiza, mpaka lero ngakhale sopo sanatumizepo, koma akangomva kuti mwana walakwa ndi oyamba kuimba foni. Bambo a kunyumba nawo ayamba kudandaula kuti mayunitsi a magetsi akutha msanga, ati mlamu wawoyo amagona ndi laputopu. Laputopuyo ndi yanga, ndinagulira bizinesi, koma mabatani a Q ndi R zilembo zake zinachita kufufutika.

Chaka chonse chino cha 2024 wakhala akutsatira timu ya ku Korea yotchedwa T1. Poyamba ndinkayesa ndi mpira, kenako ndinaona kuti ndi anyamata asanu atakhala pa makompyuta, akusewera gemu yotchedwa League of Legends. Loweruka la pa 2 November anakuwa mpaka alandilodi anabwera kudzagogoda, ndipo alandilodi ake ndi omwe tikukangana nawo kale za bilu ya madzi. Pano akuti sukulu waileka, ndimugulire kompyuta yamphamvu ndi intaneti ya m'nyumba, akufuna adzakhale ngati Faker, katswiri wa timumo, ati Fakeryo nayenso anasiya sukulu. Sabata ino sakudyanso bwino chifukwa wina dzina lake Zeus wachoka mu timumo. Ku banki mkhonde tigawana mu December. Ndigule? Imeneyi ndi ntchito yeniyeni? Musandiseke chonde.

T1 Mpaka Kale:
Achemwali, choyamba mwanayo ali ndi maso, wasankha timu yabwino. Inu simukudziwa zomwe tadutsamo chaka chino. Mu April tinaluza fainolo ya LCK, ligi ya ku Korea, kwa Gen.G 3-2. Ku MSI, mpikisano wa mayiko wa pakati pa chaka, ku Chengdu, timu ya ku China ya BLG inatitulutsa, tinathera pa nambala 3. Mu July tinatenga Esports World Cup ku Riyadh titagonjetsa Top Esports, koma titabwerera ku Korea zinthu zinasokonekeranso. Anthu oipa mtima ankadzaza dala intaneti ya osewera athu kuti izidukaduka, zomwe amati DDoS, moti kuchita pulakatisi bwinobwino kunkavuta. Ku Worlds, mpikisano wa dziko lonse, tinalowa movutikira: Dplus KIA inatimenya 3-2, tinapulumukira pa gemu yachisanu ndi KT Rolster, n'kutenga mpando womaliza wa Korea. Aliyense ankati T1 yatha. Ndiye pa fainolo ya pa 2 November ija, pa O2 Arena ku London, BLG ikutsogola 2-1, Faker anasankha kusewera ndi ngwazi ya mu gemumo yotchedwa Sylas, kenako ina yotchedwa Galio, basi 3-2, chikho chachisanu. Mwanayo atapanda kukuwa tsiku limenelo ndikanati ndi wodwala.

Wa Manetiweki ku Joni:
Mayi, musanatulutse ndalama: mnyamatayo ali ndi zaka zingati, ali kalasi yanji, ndipo rank yake, sitepe yomwe wafika mu gemumo, ndi chani? Mumufunse choncho, adziwa. Yankho lonse lagona pamenepo.

Agogo a Mphatso:
Inu mayi, mwanayo mwamulekerera. Ife tinkakula mwana akanena zosiya sukulu ankapatsidwa khasu. Mulandeni laputopuyo lero lomwe, ndipo Lamulungu apite ku tchalitchi. Zidole za pa kompyuta zingadyetse munthu?

T1 Mpaka Kale:
Agogo, zidole zimenezo zamudyetsa Faker kuyambira 2013. Chaka chino Riot Games, eni ake a gemuyi, inamuika kukhala woyamba mu Hall of Legends, ndipo chovala cha mu gemumo cha ngwazi yotchedwa Ahri chomwe anachitulutsa pomulemekeza chinkagulidwa pafupifupi madola 500. Khasu lanulo labweretsa zingati?

Agogo a Mphatso:
Khasu limenelo ndi lomwe linaphunzitsa makolo ako, iwe mwana. Ulemu uzikhalapo.

Chovy wa ku Zingwangwa:
A T1 Mpaka Kale, muziwauza achemwaliwa zoona zonse. Timu yabwino chaka chino inali Gen.G. Chigawo choyamba cha ligi, Spring, tinatenga, MSI tinatenga pomenya BLG 3-1, ndipo inuyo tinakumenyani motsatizana mpaka mu August Faker anaoneka pa kamera akumenyetsa mutu kukhoma atatha masewero. Inu mumagona chaka chonse n'kudzadzuka mu October.

T1 Mpaka Kale:
Ndiye ku Paris mu semi fainolo munatani? 3-1, kulongedza zikwama. Ndipo chigawo chachiwiri, Summer, munatenga ndinu? Si Hanwha Life inakulandani 3-2 pa fainolo? Katswiri wanu Chovy chikho cha Worlds amangochionera pa TV ngati ine ndi inu. Aise, chaka chimawerengedwa ndi chikho cha Worlds, Summoner's Cup, zinazo n'zotsegulira.

Mai Chisomo Mzuzu:
Mayi mnzanga, ine zinandionekera. Wanga anayamba ndi ma gemu a mpira pa PlayStation, kumangokhalira ku game centre, kenako anayamba kubetcha. Foni yanga inasowa m'nyumba momwemo, kenako mbaula yamagetsi. Ndinapita naye kwa abusa, kwa amalume ake, mpaka ku polisi kukangomuopseza. Pano ali kumudzi kwa agogo ake. Muziyang'ana katundu wanu m'nyumbamo, ndipo ndalama za banki mkhonde asadziwe tsiku logawana.

Amake Tadala:
Ayi, wanga sakuba ndipo sabetcha, nkhani yake ndi bandulo basi. Koma ndalama ya thiransipoti ndikamupatsa amayenda wapansi n'kugulira bandulo. Aphunzitsi anandiitana kawiri kuti amasowa m'kalasi cha m'ma 10 koloko. Nditawauza bambo a kunyumba anangoti ndi m'bale wako, ngati kuti awo achibale awo sitinawasungepo. Mng'ono wawo tinakhala naye mpaka anakwatira, ine sindinadandaulepo.

Wa Manetiweki ku Joni:
Za 10 kolokozo n'zomveka. Korea ili patsogolo pathu ndi maola 7, ndiye masewero a LCK oyamba 5 koloko madzulo ku Seoul, ku Malawi imakhala 10 koloko mmawa. Amathawa m'kalasi kukaonera. Onse amawaikanso pa YouTube, atha kuonera madzulo.

Koma za kompyuta mumve izi. League of Legends ilibe seva, kompyuta yaikulu yomwe osewera onse amalumikizanapo, mu Africa muno. Wa kuno amasewera pa seva ya ku Europe West, ndipo ngakhale ine amene ndili ndi fibre ku Johannesburg ping yanga, nambala yoonetsa kuchedwa kwa intaneti, imapitirira 150. Wa ku Seoul amasewera ndi ping yosafika 10. Tanthauzo lake n'lakuti iwe ukadina batani, mnzako wadina kale n'kukupha. Kompyuta yodula siichotsa vuto limenelo, chifukwa vuto ndi mtunda. Onjezanipo magetsi akazima pakati pa gemu, akaunti imalangidwa ngati wathawa dala. Ndafunsa kale, rank yake ndi chani?

Maule Weniweni:
Ine ndimati T1 ndi mtundu wa feteleza. Mwanayo mubwere naye ku Kamuzu Stadium adzaone Bullets, achira.

T1 Mpaka Kale:
Man a ku Joni, musamugwetse ulesi mwana. Ping ndi chifukwa cha anthu oluza. Achemwali, za Zeus zija mumuuze kuti tonse zikutiwawa. Mnyamata ameneyu anakulira mu academy ya T1 limodzi ndi Oner ndi Gumayusi. Asanuwa, kuphatikiza Faker ndi Keria, akhala limodzi kuyambira 2022. Analira limodzi ku San Francisco DRX itawalanda chikho 3-2, anadzatenga limodzi mu 2023 ku Seoul pomenya Weibo Gaming 3-0, atenganso chaka chino. Ndiye mwezi usanathe tikumva kuti wapita ku Hanwha Life. Ine usiku umenewo sindinagone. Mwanayo akapanda kudya masiku awiri musadabwe, ndi maliro amenewa.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwanena nokha mawu ofunika, academy. Anyamata amenewo sanangodzuka m'nyumba ya achemwali awo n'kukhala akatswiri. Kuli makochi, kuli nyumba yogonamo, kuli malipiro, ndipo timu imachita kuwasankha ataonekera kale pamwamba pa seva ya Korea. Faker posiya sukulu n'kuti SK Telecom, yomwe pano ndi T1, itamutenga kale. Wanuyu wamutenga ndani? Ine ndinganene kuti mugwirizane naye: amalize kaye mayeso, laputopu aziigwira Loweruka ndi Lamulungu. Akakhoza, za kompyuta mudzakambirane, ndipo ikhale yoti aphunzirireponso zina monga kukonza mavidiyo.

Chovy wa ku Zingwangwa:
Aphunzitsi anena zoona. Komanso timu yomwe imadalira munthu mmodzi si yophunzirirapo. Mu 2023 Faker atavulala dzanja n'kulowa Poby m'malo mwake, pa masewero 8 anawina amodzi okha.

T1 Mpaka Kale:
Ndiye atabwerera zinatha bwanji? Anatenga Worlds chaka chomwecho. Inu BLG inakutulutsani mu kota fainolo ku Busan. Muzikumbukira zonse, osati zokukomerani zokha.

Wa Manetiweki ku Joni:
Anyamata inu, mayiwa sanafunse za Gen.G. Mayi, masitepe a rank ali motere: Iron, Bronze, Silver, Gold, Platinum, Emerald, Diamond, Master, Grandmaster, Challenger. Pa seva ya Europe West mu Challenger mumakhala anthu 300 okha, ndipo ambiri mwa iwo salipidwa ndi timu iliyonse. Akakuuzani kuti ali Gold kapena Platinum, ndi wosewera wosangalala chabe, ndalama ya banki mkhonde muonjezere mabelo. Akati Master, pamenepo tikambirane. Ngati mtima wake uli pa mpikisano, Counter-Strike ndi Dota 2 zili ndi maseva kuno ku South Africa. Ngakhale zili choncho, anyamata a Bravado Gaming mu 2018 anachita kusamukira ku America kuti akapikisane ndi matimu akuluakulu.

Mai Chisomo Mzuzu:
Wanganso ankati ndi katswiri. Onse amatero.

Amake Tadala:
Zikomo nonse. Ndamufunsa za rank zija wangoti achemwali simungamvetse, n'kutseka chitseko. Pano bambo a kunyumba akuti akapanda kupita ku sukulu Lolemba apite kwa amalume. Amalume omwe aja. Kodi kompyuta ya kaunjika singachite? Pali wina akugulitsa yotchipa koma akuti ilibe graphics card, sindikudziwa ngati n'chinthu chofunika.

Agogo a Mphatso:
Mwana akutsekereni chitseko m'nyumba yanu, inu n'kumafunsa mtengo wa kompyuta?

T1 Mpaka Kale:
Achemwali, League siilemera, imayenda ngakhale pa kompyuta yofooka, bola intaneti. Koma mumuuze adye, tatenga Doran m'malo mwa Zeus, ndipo Oner, Gumayusi ndi Keria onse atsala kuti asewere mu 2025. Chaka chamawa tikutenganso, katatu kondondoza, chinthu chomwe kufika 2024 palibe timu inachitapo.

Chovy wa ku Zingwangwa:
Doran yemwe uja munkamutukwana ali kwathu ku Gen.G? Lero wasanduka mpulumutsi?

T1 Mpaka Kale:
Ali kwanu analibe Faker pakati. Tidzaonane mu January, ndipo usadzathawe pa gulu pano.