Nkhungu ya m'mawa pa msewu wa Thyolo, anzanga mukuyenda bwanji?

Wa Dyna ya buledi: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndimanyamuka pa Limbe 4 koloko kukasiya buledi ku Thyolo koma chiyambire June kuchoka pa Chigumula kukafika pa Bvumbwe sindikuona kanthu. Dzulo pang'onong'ono ndikanamugunda wanjinga ya makala, ndinangozindikira thumba lili pa bampala. Ndikayatsa magetsi a fulu ndiye kuipiratu, kutsogolo kungoti mbuu. Abwana akuti ndikuchedwa dala.

Madala a minibasi: Fuluyo ndi amene akukupweteka mwana wanga. Nkhungu ndi timadontho ta madzi, kuwala kukamenya pamenepo kumabwerera m'maso mwako momwemo. Ika dimu, ngati uli ndi ma fog light yatsa, maso ako akhale m'mphepete kumanzere osati pa magetsi a amene akubwera. Ndi chiperoni chimenecho, mphepo yonyowa yochokera kunyanja kudzera ku Mozambique, dzinalo ndi la phiri la Chiperone komweko. Mpaka August tili nacho.

Wa thiraki ya ku Joni: Madala mwanena zoona koma si chiperoni chokha ayi. Chiperoni chimabwera ndi mphepo ndi kamvula kowaza kaja, pena tsiku lonse. Koma pali m'mawa wina kumwamba kulibe mtambo, nyenyezi zikuoneka, kulibe mphepo, koma pansi simukuona. Usiku wotero nthaka imazizira kwambiri, mpweya wozizira umatsikira m'zigwa nkukhazikika, wofundirapo uli pamwamba ngati chivundikiro pa poto. Ndiye utsi wonse wa mbaula, zinyalala zomwe anthu amaotcha madzulo, ma uvuni a njerwa, osaka mbewa otentha tchire, ndi ife a dizilo, ulibe kothawira. Chinyezi chimakakamira pa tizidutswa ta utsiwo, nkhungu nkukhala yokhuthala ndiponso imachedwa kuyera. Mudzaime pamtunda 6 koloko muyang'ane chigwa cha Mudi ndi ku Ndirande, utsi wangoyala ngati bulangete. Ku Johannesburg June yemweyu ndi chimodzimodzi, kumeneko amaotcha malasha.

Wa takisi ya Chileka: Kkkk ma lekichala atulukira. Ndiye ku London mu December 1952 zinafika poti makondakitala kumayenda wapansi kutsogolo kwa basi ndi muuni, anthu masauzande anafa ndi utsiwo. Ife sitinafike.

Makaniko wa ku Ginnery: Aise wa Dyna, galasi unalitsuka liti mkati? Osati kunja, mkati. Utsi umasiya kamafuta pagalasi, masana sikaoneka koma magetsi a mnzako akamenya zonse zimamwazika. Sopo wa mbale pang'ono, kenako pukuta ndi nyuzipepala youma. Osapukuta ndi dzanja kapena chipewa, ukungopaka. Hita ilunjike pagalasi, windo utsitse pang'ono, ma waipa ngati akusiya mizere sintha. Ma hedilampu achikasu aja ubwere nawo tikwecheko.

Wa Dyna ya buledi: Hita inafa chaka chatha akulu, ndimayenda ndi kansalu.

Makaniko wa ku Ginnery: Ndiye vuto theka ndi limenelo.

Madala a minibasi: Ndipo osamayenda ndi ma hazadi, wakumbuyo amaganiza waima. Uwauze abwanawo akwere nawe mawa, akhale kutsogolo mpaka pa Bvumbwe.

Wa Dyna ya buledi: Loweruka ndikubwera ndi galimoto, hitayo ndi zingati? Abwana ndayamba ndawatumizira vidiyo ya dzulo, aiona koma sanayankhe.