Za kutopa kwanga kuja

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndingozisiya zomenyera ufuluzi, poti ku msonkhano wathu wa za kusowa kwa mafuta kunabwera anthu 7 okha. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Mmodzi wa inu anandikumbutsa za 2019, mmene tinkadzazira misewu chifukwa cha Tipp-Ex uja anafufutira manambala pa mapepala a zotsatira za chisankho, mpaka khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020. Anthu omwewo ndi amene lero akugona pa mizere ya petulo. Ndinkawanena kuti ndi amphwayi, koma mayi wogulitsa tomato angatseke bwanji benchi tsiku lonse, ana adya chiyani?

Ndiye sindinasiye, ndangochepetsa. Ndatuluka m'magulu anayi a WhatsApp, tulo tabwerera. Loweruka tikaonana ndi akhansala za mjigo wathu wakufa uja.