Opera yoimba muli chiimire ndi buku m'manja, mumaiona bwanji?

sopurano_wa_ku_Chilomoni

Abale ndithandizeni maganizo. Loweruka usiku ndinatha bandulo yonse pa YouTube kuonera Tosca ya Puccini, opera (sewero loimba nyimbo zokhazokha lija), koma inali ija amati concert, okestra yonse ili pa siteji, oimba aima kutsogolo amuna m'masuti akuda mayi mu diresi lalitali, aliyense ndi buku lake la manotsi. Mawu anali mbambande sindikukana. Koma titafika gawo lachiwiri pomwe Tosca amabaya Scarpia ndi mpeni wa patebulo paja, mpeni palibe tebulo palibe, bambo aja angokuwa kenako atseka buku nkukakhala pampando, kamera nkuwaonetsa akumwa madzi m'botolo munthu woti wangofa kumene kkkk. Ndiye paja mayi amayenera kuika makandulo awiri pambali pa mtembo ndi mtanda pachifuwa, nyimbo yake ikumveka iwo angoti chilili. Ine zinandichotsa chidwi.

Nde funso ndi ili, zoterezi tizitchulabe opera? Ndikufunsa chifukwa kwaya yathu tikufuna kuyesa zigawo zingapo za La traviata, opera ya Verdi, ndi piyano basi, ndalama ya zovala ndi zokongoletsera siteji palibe olo.

Madala_aku_Namiwawa

Mwana wanga, ife tinakulira Sewero la Sabata Ino pa MBC, banja lonse kuzungulira wailesi imodzi, ndipo palibe anadandaulapo kuti sanaone mpeni. Munthu akalira m'wailesimo amayi anga amaliranso. Maso amene umaonera nkhani ali m'mutu. Komanso paja Messiah ya Handel imene makwaya athu amakonda Hallelujah yakeyo, chiyambire ku Dublin mu 1742 inalembedwera kuimba muli chiimire, ndipo yakhala ikugwira anthu mtima mpaka lero. Zovala zambiri nthawi zina zimangobisa woimba wopanda mawu.

besi_waku_Ndirande

Madala ndi ulemu wonse koma apa ndikutsutsani pang'ono. Messiah ndi oratorio, nyimbo yongoimba popanda kuchita sewero, mulibe munthu wobaya mnzake, pomwe Puccini analemba nyimbo yotsata manja a Tosca, kuyambira kuona mpeni mpaka kuyenda monyang'ama potuluka. Pawailesi simuona chilichonse nde mutu umadzijambulira wokha, koma mukaona ndi maso anu malemu akumwa madzi basi chithunzi chija chafafanizika.

Kwa ine vuto si kusowa zovala ayi, vuto ndi bukulo. Munthu akuimba kuti ndimakukonda maso ali pa pepala, wokondedwayo ali mamita atatu uko nayenso akuvundukula tsamba, eti chikondi chimenecho? Aloweze pamtima basi. Onani zomwe a Glyndebourne, gulu la opera la ku England, amachita akapita ku makonsati a BBC Proms ku Royal Albert Hall ku London, amasiya makhoma ndi zokongoletsa zambiri kwawo, okestra ili poonekera, koma oimba amayenda, amayang'anana, amagwirana, wofa amagwadi pansi. Sizifuna ndalama zimenezo, zimafuna mapulakatisi.

Koma chimene chimandinyansa kuposa zonse ndi zapakatikati zopanda mutu, wina wavala ngati msilikali mnzake ali mu suti ya ukwati, wina akusewera ndi mtima wonse mnzake ali njoo ngati akudikira minibasi ya ku Limbe. Gwirizanani chimodzi.

mai_a_piyano

Ine ndimakonda concert pa chifukwa china, mumaona oimba zida. Ku nyumba za opera amakhala m'dzenje kutsogolo kwa siteji, Wagner, wopeka opera wa ku Germany, mpaka anachita kulivindikira dzenjelo ku Bayreuth mu 1876 kuti anthu asawaone nkomwe. Koma mu 2013 wotsogolera okestra Barenboim anaimbitsa Ring yonse ya Wagner yemweyo ku Proms, opera zinayi za nkhani imodzi, okestra ili poyera, ndipo kungoona mikono ya a vayolini ikukwera pamodzi ndi sewero palokha. Choipa chake nchakuti zida zikakhala kumbuyo kwa woimba zimatha kumumiza mawu, komanso iye wafulatira wotsogolera nde kulowa pamodzi kumavuta. Inuyo asisi ndi piyano imodzi zimenezo sizikukhudzani kwambiri, ingoikani piyanoyo cha pambali kuti woiimba aziona pamene mukukoka mpweya.

Nkhani yaikulu kwa inu ndi chilankhulo. Verdi ndi Chitaliyana, anthu a mu holo adzadziwa bwanji kuti Violetta, mtsikana wa m'nkhaniyo, akudwala chifuwa chachikulu ndipo bambo a chibwenzi chake ndi amene anamuuza kuti amusiye mwana wawo? Sewero lonse likakhalapo munthu amatsatira ndi maso, mukachotsa seweroli muike china m'malo mwake. Ife tinayesapo kuonetsa mawu a Chichewa pakhoma ndi pulojekita pa konsati ina, magetsi anangothima pakatikati, tinamaliza ndi matochi a m'mafoni anthu osadziwa kuti akulirayo akulirira chani. Bola munthu mmodzi wodziwa kukamba nthano azifotokoza m'Chichewa chigawo chisanayambe. Aku South Africa anachita zoposa pamenepo, opera ya Carmen yonse anaiimba m'Chixhosa mu U-Carmen eKhayelitsha ndipo filimuyo inapata mphoto ya Golden Bear ku Berlin mu 2005.

sopurano_wa_ku_Chilomoni

Zikomo nonse. Achimwene a besi zoloweza pamtimazo mwandilasa, anzanga a alto akamva adzandithamangitsa kkk koma ndikaziika pa pulakatisi Lachinayi. Ndaganiza chonchi, tonse zakuda, Violetta yekha chovala choyera, nyimbo ya matambula ija ya gawo loyamba aliyense agwire tambula yake olo muli Sobo, ndipo gawo lomaliza mpando umodzi ndi kalata ija amawerenga asanamwalire. Chomwe chandivutabe ndi imfa yakeyo, paja amadzuka nkumati ululu watha akumva bwino kenako nkugwa. Simenti ya mu holo yathu ndi yokumbikakumbika, ndigwe pansi zenizeni kapena ndingokomokera pampando?

besi_waku_Ndirande

Igwani pansi asisi, yalani mkeka kuseri kwa mpandowo palibe adzaone. Koma musadzuke mpaka m'manja mutayamba kuomberedwa, ndipo botolo la madzi likhale kunja.