Tsabola wanga uja watsitsimuka

Zikomo nonse amene munandiyankha za tsabola wanga uja amene ankafota, masamba akuchita chikasu, nditangomusamutsira m'zidebe zazikulu zapulasitiki. Ndinatsatira malangizo a mayi ena amene anati ndisiye kuthirira tsiku lililonse. Ndinaboolanso pansi pa zidebezo ndi msomali wamoto, ndipo munatuluka madzi onunkha. Kani mizu inkaola! Masiku 5 oyamba ndinaziika pamthunzi. Pano ndimayamba ndapisa chala m'dothi, likakhala lonyowa sindithirira.

Manyowa ndinadikira milungu iwiri, kenako ndinathira zitosi za nkhuku zowolerana bwino, pang'ono chabe, motalikirana ndi tsinde. Chidebe chimodzi ndinapupuluma n'kuthiramo zitosi zaziwisi, tsabola wake anapsa. Enawo ayamba kuchita maluwa.